Mchere wa ku Nampula, shuga wa ku Nchalo

Kuno ku Nkolokosa kuli agogo ena amene sathira shuga mu tiyi asanamuyang'anitsitse pa supuni. Ndinkayesa kuumira. Tsiku lina magetsi atazima, tikuwotha mbaula pakhonde pawo, anandiuza kuti shuga ameneyu anamuvutikira pa sitima ya pamtunda nkhondo ya ku Mozambique ili mkati.

Njanji ya ku Nacala inalumikizana ndi yathu mu 1970, kuchoka pa Nkaya kukatulukira pa Nayuchi. Pofika 1984 a Renamo anali ataiwononga moti katundu wa dziko lino analeka kudutsa. Osauka okha ndiwo sanaleke. Amayi ankakwera ku Nampula ndi matumba a mchere, kudzera ku Cuamba, kudzasinthitsa ndi shuga wathu. Filimu ya Licínio Azevedo ya mu 2016, Comboio de Sal e Açúcar, ikunena za maulendo omwewa.

"Mwanangu, mmenemo munalibe wogawa chakudya," anatero agogowo. Kamba anali makaka, mtedza ndi kaufa ka chinangwa komangira pansalu. Sitima ikaima pathengo chifukwa njanji yazulidwa, amuna ankapita kukathandiza kukonza, amayi n'kutola miyala itatu, kutereka mphika m'mbali mwa njanji. Ndiwo zinali chigwada chothyola m'minda imene eni ake anaithawa. Moto unkazimitsidwa kusanade, kuopa kuonekera patali. Mfuti zikalira, mphika unkatsala pamafuwa nsima isanaomoledwe.

Koma chimene chinawalekeza kaye kuyankhula ndi madzi. Munthu kukhalira thumba la mchere masiku angapo, kukhosi kuli gwa, mwana akulira kumsana!

Kuyambira 1987 asilikali a dziko lino anatumizidwa kukalondera njanjiyi, ndipo ena sanabwerere. Nkhondo inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Lero sitima za malasha a ku Moatize zimangodutsa pa Nkaya kupita kunyanja. Zimandiwawa kuti amayi amene anadyetsa mabanja ndi ulendo umenewu akutha mmodzimmodzi popanda wowafunsa kuti ankaphika chiyani. Zimenezi n'zoyenera kulembedwa eni ake akadali ndi mawu.

Tiyi atawira, agogo anandithirira masupuni awiri. Iwo anathira imodzi, n'kumanga pepala la shuga ndi kamphira.