Kuwala Kufike Mpaka pa Kachulu

Nyanja ya Chilwa idaphwa mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato adakhalanso pamatope padoko la Kachulu. Ambiri adati Chauta watifulatira. Chilala chidalipo, inde, komatu mdima wina ngwa anthu: nkhwangwa zogwetsa mitengo usiku m'mbali mwa Likangala ndi Domasi, mitsinje yothira m'nyanjayi, ndi masikito okokolola tiana ta matemba nyanja itatsekedwa kuti nsomba ziswane. Ena ochita izi timapemphera nawo Lamulungu.

Pa Aefeso 5, Paulo akutiphunzitsa kuti wokhulupirira adasamuka mumdima. Umboni wake ndi ntchito zosaopa dzuwa. Abale, mtima ukalapa, nkhwangwa ndi ukonde zilapenso, kuti adzukulu athu adzapeze matemba m'Chilwa.