NDALAMA YOMWE ANA ANADYA KALE SI NGONGOLE

Abale ndi alongo a m'nthambi zathu za kumidzi,

Alipo anthu ena ovala mataye muno m'Mzuzu amene amati munthu wosauka akalandira ndalama ya cithandizo yopitirira muyeso, Boma liyenera kumlanda ngakhale patapita zaka. Ine Mlembi wanu ndikuti AI.

Taganizani za mai wamasiye wa ku Lusangazi amene ali pa Mtukula Pakhomo. Kodi dzina lace anadzilemba yekha m'kaundula? Kodi ndiye anacita samu ya ndalama yoti alandire? Anacita zonsezi ndi kalaliki wa Boma. Ngati kalalikiyo anaphonya, mai uja anagula cimanga, sopo ndi yunifolomu, ana nadya napita kusukulu. Tsono mudzalanda ciani? Mukamdula ndalama ya mwezi uno, mwalanda nsima m'kamwa mwa mwana amene sanalakwe kanthu. Amene ananama dala, nalembetsa dzina la wakufa, ameneyo ndi mbala ndipo apite kubwalo. Sindikunena za iye.

Musayese kuti zotere sizingacitike. Ku Australia, dziko lolemera, Boma linayamba mu 2016 kutumiza makalata a ngongole olembedwa ndi kompyuta. Makinawo ankatenga malipiro a munthu a caka conse nkuwagawa mofanana, ngati kuti wa ganyu amapeza cimodzi-modzi sabata iriyonse! Mwana wanga wa Sitandade 5 akadandicitira samu yotere ndikadamcongera ziro. Anthu anauzidwa kuti afune-fune okha mapepala a malipiro a zaka zakale, akalephera alipire. Mu 2019 khoti linapeza kuti njirayo inali yosemphana ndi lamulo, ndipo mu 2020 Boma linabvomera kubweza madola 721 miliyoni pa ngongole 470,000. Koma misozi ya anthu aja anaibweza ndani? Kwathu kuno nako maina a osauka akulowa m'kompyuta ndipo ndalama zikubwera pa foni. Tikhale maso.

Ngati Boma liri ndi njala yotolera ndalama zace, likudziwa kwa kupita. Mu 2021 mabanja osauka a m'Mzuzu, Lilongwe, Zomba ndi Blantyre anapatsidwa K35,000 pa mwezi kwa miyezi itatu yokha cifukwa ca Covid-19. Caka comweco owerengera cuma ca Boma anapeza kuti mbali ina ya K6.2 biliyoni ya matenda omwewo inathera m'maalawansi ndi kugula katundu pa mitengo yokwera dala, mpaka Nduna ina inacotsedwa pa mpando. Nanga za Cashgate ya 2013, zabwezedwa zingati? Yambani ndi amenewo, mabwana, musanagogode pa citseko ca nsungwi.

Tsono mverani, a Mamembala. Munthu akadza kwa inu kapena kwa agogo anu nati munalandira mopitirira, musasaine ndipo musadinde cala pa pepala liri lonse. Muuzeni alembe: mwezi uti, ndalama zingati, analakwa ndani. Wakuti muli ndi ngongole ndiye aonetse umboni, osati inu. Musapereke ngakhale tambala popanda lisiti la Boma. Pepalalo bwera nalo kwa Wapampando wa nthambi yanu, ndipo ife tidzapita nanu kwa Ombudsman kapena ku Legal Aid Bureau. Onsewa ali ndi maofesi muno m'Mzuzu.

Alembi a nthambi awerenge kalatayi mokweza pa msonkhano wotsatira, ndi kuitanthauzira m'Citumbuka kwa okalamba.

Ndine wanu pa nchito,
MLEMBI WA NTHAMBI, Mzuzu.