Mayunivesite anagawidwa, koma mawu a ophunzira asagawikenso

Pa 4 Meyi 2021 University of Malawi yomwe tinkaidziwa kuyambira m'chaka cha 1965 inaphwasulidwa. Chancellor College ya ku Zomba inatsala ndi dzina lakale, Polytechnic ya ku Blantyre inasanduka MUBAS, pomwe College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing anaziphatikiza kukhala KUHeS. Tikawonjezapo Mzuzu University, LUANAR yomwe inamera pa Bunda, ndi MUST ya ku Ndata m'boma la Thyolo, dziko lino lili ndi mayunivesite a boma asanu ndi imodzi, iliyonse ndi khonsolo yake, mkulu wake ndi malamulo ake. Amene anaombera m'manja kugawaku anali ndi zifukwa zomveka, poti kudikira chilolezo cha ofesi yaikulu ku Zomba pa kanthu kalikonse kunkachedwetsa ntchito. Koma pogawana katunduyo, chinthu chimodzi chinagwa m'njira ndipo palibe anachitola. Ophunzira a makoleji anayi aja anali ndi bungwe limodzi, UMSU, lomwe linkaima pamwamba pa mabungwe a pa koleji iliyonse n'kumalankhulira onse. Lero aliyense akulira payekha, pomwe amene akumuliritsa ndi mmodzimodzi. Ophunzira a m'mayunivesite a boma akufunika bungwe limodzi la dziko lonse, lokhazikitsidwa ndi lamulo, losankhidwa ndi ophunzira eni ake, lomwe boma lingakakamizike kulimvera lisanagamule zowakhudza.

Tione kaye komwe zinthu zimagamulidwa. Mwana akakhoza mayeso a MSCE, amene amayendetsa ntchito yomusankhira ku yunivesite ya boma ndi bungwe la NCHE, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. Akafika kumeneko alibe ndalama, amakagogoda ku bodi yopereka ngongole kwa ophunzira, HESLGB, yomwe inabadwa ndi lamulo la 2015, ndipo bodiyi ndi imodzi kwa onse, kaya mwanayo ali ku Luwinga kaya ku Ndata. Fizi amaikhazikitsa ndi khonsolo ya yunivesite iliyonse, inde, koma khonsoloyo imayang'ana kaye ndalama zomwe unduna wa zachuma waika mu bajeti, ndipo bajetiyo amavomereza ndi aphungu ku Lilongwe. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa kachipinda ku Chikanda ndi wa mbale ya nsima ku Chichiri unakwerera limodzi, ndipo palibe mkulu wa yunivesite amene akanautsitsa. Ndiye kuti mtsogoleri wa ophunzira pa sukulu imodzi, ngakhale atakhala wolankhula bwino chotani, amakhala akukangana ndi munthu amene alibe makiyi a nkhaniyo. Amamuyankha mwaulemu kuti "tamva, tikatula kwa akuluakulu", ndipo nthawi zambiri woyankhayo sakhala akunama. Mphamvu zenizeni zili ku Capital Hill, komwe ophunzira amangofika ngati alendo odzapereka chikalata pageti.

Umboni woti mawu amodzi amamveka tili nawo. M'chaka cha 2016 khonsolo ya University of Malawi inakweza fizi kuchoka pa K275,000 kufika pa K400,000 kwa ophunzira olowa mwa njira ya masiku onse. Makoleji anawira, apolisi anathira utsi wokhetsa misozi, Chancellor College inatsekedwa. Mapeto ake Pulezidenti Peter Mutharika, yemwenso anali Chancellor wa yunivesiteyo, anakumana ndi atsogoleri a ophunzira ndipo analamula kuti fizi itsike ndi K50,000. Chinatsegula chitseko cha kunyumba ya boma n'chakuti amene ankalankhulawo ankaimira makoleji onse a yunivesiteyo nthawi imodzi, moti kuwanyalanyaza kukanakhala kunyalanyaza Zomba, Blantyre ndi Lilongwe pa tsiku limodzi. Komabe nkhani yomweyi ikuonetsanso kufooka kwa dongosolo lathu. Kukambirana kunachitika zinthu zitaonongeka kale, ndipo chinatsitsa fiziyo chinali chifundo, kapena kuwerengera kwa ndale, kwa munthu mmodzi. Palibe lamulo lomwe linamukakamiza kukhala pansi ndi ophunzirawo. Akanakana, akanakana basi.

Zomwe zimachitika pakasowa njira yokhazikika tonse tikuziloweza. Chigamulo chimatuluka ophunzira ali kutchuthi, iwo amachimvera pa wailesi kapena pa WhatsApp, sukulu ikatsegulidwa amatseka msewu ndi miyala, apolisi amabwera, magalasi amasweka, khonsolo imalengeza kuti aliyense achoke pasukulu pasanathe maola ochepa, ndipo pobwerera aliyense amalipitsidwa ndalama yokonzera zoonongeka, wogenda ndi wosagenda yemwe. Kholo la ku Nsanje kapena ku Chitipa lomwe linagulitsa mbuzi kuti lipeze thiransipoti limagulitsanso ina. Nthawi zina ophunzira amavutika pa mkangano womwe si wawo n'komwe. Mu 2011, mkulu wa apolisi Peter Mukhito ataitanitsa mphunzitsi Blessings Chinsinga kukamufunsa za zomwe ananena m'kalasi, mkangano wa ufulu wa aphunzitsi unaimitsa maphunziro ku Chancellor College kwa miyezi pafupifupi isanu ndi itatu. Mu 2017 koleji yomweyo inakhalanso miyezi yambiri yosaphunzitsa chifukwa cha kusiyana kwa malipiro a aphunzitsi. Aphunzitsi anali ndi bungwe lawo lolimba, khonsolo inali ndi maloya ake, boma linali ndi nduna zake. Amene digiri yake ya zaka zinayi inasanduka ya zaka zisanu kapena kuposerapo ndiye analibe mpando wolemera pa zokambiranazo.

Bungwe lomwe likufunikali lisakhale chinthu chachilendo. Atsogoleri a mabungwe a ophunzira amakumana kale fizi ikakwera kapena ngongole ikachedwa, n'kusainira kalata imodzi. Vuto ndi loti mgwirizano wotere umadzuka ndi moto n'kuzima ndi moto womwewo, ndipo boma likhoza kuulandira lero n'kuukana mawa popanda wolifunsa. Chofunika ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo lonena zinthu zochepa koma zomanga. Yunivesite iliyonse itumize nthumwi zosankhidwa ndi ophunzira. Aliyense wokhala pa mpando wa ophunzira ku bodi ya ngongole kapena ku NCHE atumidwe ndi bungweli, ndipo azibwerera kudzafotokoza zomwe wavomereza m'dzina la anzake. Khonsolo iliyonse isanakweze fizi, ipereke mawerengero ake kwa bungweli miyezi ingapo chigamulo chisanachitike, ndipo iyankhe molemba pa zomwe ophunzira atsutsa. Komiti ya zamaphunziro ya Nyumba ya Malamulo iziwaitana chaka chilichonse bajeti isanadutse, monga momwe imaitanira akuluakulu a unduna. Palibe pamenepa pomwe ophunzira akupatsidwa mphamvu yoletsa chigamulo. Akungopatsidwa ufulu woona mabuku ndi kuyankhidwa.

Chotsutsa chachikulu, ndipo n'chosayenera kuchipeputsa, n'chakuti bungwe lotere lidzagulidwa ndi zipani. Aliyense wodziwa moyo wa pa yunivesite akudziwa kuti zipani zili ndi nthambi zawo kumeneko, kuti pa chisankho cha ophunzira pamayenda ma T-shirt, mowa ndi ndalama zosadziwika kochokera, ndiponso kuti ena amapikisana pa mipandoyi ndi diso lili pa ntchito ya ku boma kapena pa mpando wa phungu. Wina anganene kuti kumanga bungwe limodzi ndiko kupeputsira andale ntchito, poti m'malo mogula atsogoleri asanu ndi mmodzi adzangogula mmodzi. Mantha amenewa ndi oona, koma akuloza ku mankhwala olakwika. Andale amagula mosavuta pomwe palibe malamulo, pomwe mtsogoleri wa ophunzira angaitanidwe usiku kunyumba ya nduna n'kutuluka ndi envelopu popanda amene angamufunse kuti wakambako chiyani. Imfa ya Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic yemwe anapezeka atafa pasukulupo pa 24 Sepitembala 2011, ikhale chikumbutso cha kuopsa kwa ndale za m'mdima. Apolisi ananena kuti anadzipha, koma komiti yofufuza yomwe inakhazikitsidwa mu 2012 inapeza kuti anachita kuphedwa. Wachinyamata amene akulimbana ndi akuluakulu a ndale payekha, popanda bungwe lodziwika lomuteteza, ndiye amakhala pangozi yogulidwa kapena yoopsezedwa. Lamulo likhoza kutseka mipata yambiri. Utsogoleri uzizungulira mayunivesite chaka ndi chaka kuti chipani chisamange nyumba pa sukulu imodzi. Wokhala ndi udindo m'chipani asaloledwe kupikisana. Zokambirana zonse ndi boma zizilembedwa ndi kuikidwa poyera, ndalama za bungwe ziziwerengedwa ndi akatswiri oima paokha, ndipo mabungwe a pa sukulu akhale ndi mphamvu yochotsa nthumwi yomwe yasochera. Izi sizingathetse dyera, koma zingapangitse kuti wogulidwa aonekere msanga, chomwe lero sichichitika.

Ena amati ophunzira ndi ana odutsa, lero ali pano mawa amaliza, ndipo nkhani za bajeti azisiyire akuluakulu, poti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma ambiri mwa amene akutchedwa anawa ndi anthu oposa zaka 18, amavota, ndipo amasainira ngongole yomwe adzabweze okha akayamba ntchito. Munthu amene lamulo likumuona kuti ndi wamkulu pokongola sangakhale mwana pofunsa za chiwongoladzanja ndi nthawi yomwe ndalamayo ifike. Mbiri yathu nayonso ikukana. Mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi 1992, anthu ambiri akuluakulu ali chete ndi mantha, ophunzira a ku Chancellor College ndiwo anayenda mumsewu ku Zomba kuivomereza, koleji n'kutsekedwa. Chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, Amalawi anavotera zipani zambiri. Zoti ophunzira amadutsa msanga n'zoona, ndipo n'chifukwa chake bungwe lokhazikika likufunika. Atsogoleri a chaka chimodzi amayamba nkhani iliyonse pachiyambi, osadziwa zomwe unduna unalonjeza anzawo zaka zitatu zapitazo, pomwe akuluakulu a unduna amakumbukira zonse, makamaka zomwe sanakwaniritse. Kaofesi kakang'ono kosunga makalata, mapangano ndi mawerengero kangasinthe kwambiri kulemera kwa mbali ziwirizi. Ku South Africa lamulo la maphunziro apamwamba la 1997 limalamula kuti yunivesite iliyonse ya boma ikhale ndi khonsolo yoimira ophunzira, ndipo makhonsolowa ali ndi mgwirizano wawo wa dziko lonse, SAUS. Izi sizinaletse zionetsero za FeesMustFall zotsutsa kukwera kwa fizi mu Okutobala 2015, ndipo tisanamizane kuti lamulo limathetsa mkwiyo. Koma boma la Jacob Zuma litafuna kukambirana linadziwa oti liwaitane, ndipo fizi ya 2016 sinakwere.

Palinso oti mayunivesitewa ndi osiyana, ndipo wophunzira udokotala ku Blantyre, yemwe fizi yake ndi yokwera ndipo amagona m'zipatala pophunzira ntchito, sangalankhulidwe ndi wophunzira zaulimi ku Bunda. Kusiyanako kulipo, ndipo nkhani za pa sukulu, monga madzi m'mahositelo, mayeso ndi chilango, zikhalebe m'manja mwa mabungwe a pasukulupo. Bungwe la dziko lonse ligwire zokhazo zomwe mwini wake ndi boma. Chomwe chiyenera kutidetsa nkhawa kwambiri ndi amene angasiyidwe kunja. Ophunzira a ku Domasi ndi ku Nalikule ali m'makoleji a boma, ndipo a m'mayunivesite a mipingo monga Catholic University ku Nguludi kapena University of Livingstonia amapempha ngongole ku bodi yomweyo. Pa nkhani ya ngongole, iwonso akhale ndi mawu. Chimodzimodzi atsikana, omwe amakumana ndi eni nyumba ndi aphunzitsi ena ofuna kuwadyera masuku pamutu, ndi ophunzira olumala omwe amapeza makalasi ali pamwamba popanda njira yokwerera. Zisankho za pa sukulu kawirikawiri zimapambanidwa ndi anyamata a mawu okweza, choncho mipando ya magulu amenewa ilembedwe m'lamulo momwemo, isadikire chifundo cha opambana.

Za ndalama zoyendetsera bungweli sizovuta monga ena angaganizire. Wophunzira aliyense amalipira kale ndalama ya bungwe la ophunzira pa sukulu yake, ndipo kagawo kochepa ka ndalamayo kangakwanire misonkhano ingapo pa chaka ndi kaofesi kamodzi. Chosayenera n'chakuti lizidya m'manja mwa unduna, chifukwa nduna yomwe ikulipira hotelo ya msonkhano idzafunanso kulemba nawo mfundo za msonkhanowo. Boma nalo lipindula, ngakhale silingavomere msanga. Kukhala pansi ndi nthumwi zodziwika kawiri pa chaka n'kotsika mtengo kuposa kutumiza galimoto za apolisi, kukonza nyumba zoswedwa ndi kulipira aphunzitsi miyezi yomwe makalasi ali otseka.

Aphungu a m'komiti ya zamaphunziro, ambiri mwa inu munadutsa m'makoleji omwewa, ndipo ena munayambira ndale pa mipando ya ophunzira. Itanani atsogoleri a ophunzira a mayunivesite onse asanu ndi imodzi bajeti ikubwerayi isanakambidwe, mumve zomwe akufuna kuti zilowe m'lamuloli. Inunso atsogoleri a ophunzira, musadikire kuti fizi ikwerenso. Lembani malamulo a bungweli chaka chino, muwapititse ku mavoti pa sukulu iliyonse, kenako mupite nawo ku Lilongwe.