Ulendo Wokaona Malo Akale

M'dziko la South Africa muli kamzinda kotchedwa Pilgrim's Rest. M'chaka cha 1873 anthu adapeza golide mumtsinje wa pamalopo. Mbiri itamveka, anthu ambirimbiri adathamangirako atanyamula mafosholo ndi mbale zosefera mchenga. Piringupiringu ameneyo adatha kalekale, koma nyumba zamalata za nthaŵi imeneyo zidasungidwa. Masiku ano makolo amapitako ndi ana awo. Amaloŵa m'nyumbazo, amayesa kusefa mchenga, ndiponso amayenda pansi m'tinjira ta m'mapiri.

Chizoloŵezi chotere n'chabwino, ndipo mabanja a ku Malaŵi ayenera kuchitsata. Mwana amaiŵala msanga zimene wangoŵerenga, koma malo amene wapondapo ndi mapazi ake saŵaiŵala.

Nkhani ya golide imakhudzanso dziko la Malaŵi. M'chaka cha 1886 golide wochuluka adapezeka pamalo pamene pali mzinda wa Johannesburg, umene ambiri amautcha Joni. Amalaŵi zikwizikwi adalembedwa ndi bungwe la Wenela kuti akakumbe m'migodi. Ena adabwerako ndi njinga ndi zovala, ena adabwerako akudwala chifuwa, ndipo ena adatchona. M'chaka cha 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo Amalaŵi 74 adafa. Agogo amene adagwira ntchitoyo akucheperachepera. Ana akapanda kuŵafunsa tsopano, mbiri imeneyi idzapita nawo kumanda. Paulendo wa banja mpamene agogo amapeza mpata wosimba zakale mosafulumira.

Ena amati maulendo otere ndi a anthu olemera okha. Zoonadi, ku Joni n'kutali, ndipo ulendo wake umalira ndalama zambiri. Komabe malo akale ali ndi pafupi pomwe. Banja lokhala ku Area 3 likhoza kutsetsereka wapansi, kuwoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe ndi kukafika kumsika. Dera limeneli ndilo tauni yakale, imene idalipo Lilongwe asadakhale likulu la dziko mu 1975. Ku Dzalanyama, kumene mtsinjewo umachokera, kuli Kaphirintiwa. Malinga ndi mwambo wa Acheŵa, anthu oyamba adasiya mapazi awo pathanthwe la pamenepo. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 okhala ndi zithunzi zojambulidwa pamiyala. Mu 2006 bungwe la UNESCO lidaika Chongoni m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi.

Malo ameneŵa akhoza kuwonongeka. Mitengo ya ku Dzalanyama ikutha chifukwa cha kuwotcha makala, ndipo alendo ena osasamala amalemba maina awo pazithunzi zakale. Chithunzi chotere chikafafanizika, palibe mmisiri amene angachibwezere. Mlendo wanzeru amatsata kanjira, sakhudza zithunzi, sayatsa moto m'tchire, ndipo zinyalala zake amabwerera nazo. Mwana amene wafikapo pamalo otere ndi kumva mbiri yake ndiye adzaŵateteze akadzakula.

Mafunso
1. Kodi anthu adathamangira ku Pilgrim's Rest chifukwa chiyani?
2. Tchulani malo akale aŵiri amene ali pafupi ndi Lilongwe.
3. Fotokozani zimene mlendo wanzeru amachita pamalo akale.