Chigubu cha Mlimi Si cha Venda

Alimi anzanga, lero ndikufuna tikambirane za chigubu cha petulo. Ena museka kuti nkhani yake ndi yaing'ono, koma kusowa kwa chigubu choyenera kwawoletsa tomato wa anzathu panjira, ndipo ena a ife kudatsala pang'ono kutipsereza amoyo.

Kwa zaka zingapo tsopano, makalabu ndi makopaletivi athu akhala akugula njinga zamoto za matayala atatu, zija zokhala ndi ngolo kumbuyo. Ena tidazipeza pa ngongole, ena tidachita kusonkherana titagulitsa soya ndi mtedza. Njingazi zatichotsa manyazi. Kale tinkangokhala pakhonde kudikira venda abwere ndi sikelo yake yobera, atchule mtengo umene wafuna, ife n'kuvomera chifukwa tinalibe pothawira. Lero mlimi wa mbatata ku Tsangano, wa tomato ku Jenda kapena wa mpunga ku Nkhotakota angathe kukweza matumba ake m'bandakucha n'kukagulitsa yekha kumsika waukulu.

Koma njinga simwa madzi a pachitsime. Thanki yake ndi yaing'ono, katundu wake ndi wolemera, misewu yathu ndi ya fumbi, mchenga ndi zitunda. Malo omwetsera mafuta ambiri ali m'mbali mwa misewu ya tala ndi pa maboma. Mlimi wokhala kutali ndi tala amawotcha mafuta popita kukagula mafuta, n'kuwotchanso ena pobwerera. Akafuna kunyamuka ndi katundu tsiku la msika, thanki ili kale pakati. Kwa munthu wotere, malita asanu kapena khumi apadera ndi kamba wa paulendo. Popanda iwo, ulendo wautali ndi juga.

Lamulo lomenya wosalakwa

Tonse tikudziwa mavuto a mafuta m'dziko muno. Tilibe doko, choncho mafuta athu amadzera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Ndalamazo zikachepa, mizere imayamba. Tidaziona mu 2011, chaka chimene kusowa kwa mafuta kudali chimodzi mwa zifukwa za zionetsero za pa 20 July. Tidazionanso mu 2022, ndiponso kumapeto kwa 2024, pomwe anthu adagona masiku pamizere.

Pa nthawi zoterezi, bungwe loyang'anira zamafuta ndi magetsi la MERA lakhala likuletsa kuthira mafuta m'zigubu. Cholinga chake n'chodziwika: kuthana ndi mavenda ogula petulo wambiri n'kukamugulitsa mobisa pa mtengo wokwera. Cholingacho sitikutsutsana nacho. Venda wa mafuta ndi mdani wathu ifenso, chifukwa ndi ife amene amatidula khosi tikasowa kolowera.

Chomwe tikukana n'kuika mlimi ndi venda m'thumba limodzi. Bwana wa m'tauni wokhala ndi galimoto ya thanki ya malita 60 kapena 80 akadzaza kamodzi, wamaliza, ndipo palibe womufunsa. Mlimi amene thanki yake siifika ngakhale theka la pamenepo akatulutsa kachigubu ka malita asanu, maso onse amamuyang'ana ngati wakuba. Kodi pakati pa awiriwa watenga mafuta ambiri ndani? Kodi wanyamula chakudya cha mtundu ndani? Zilolezo zapadera zimamveka kuti zilipo, koma ofesi zake zili m'mizinda. Mlimi wa kumudzi awotche malita angati kuti akapemphe chilolezo chogulira malita asanu?

Boma lenilenilo limadziwa kuti ulendo wautali umafuna mafuta osungira. N'chifukwa chake kudzera ku kampani ya NOCMA lidamanga nkhokwe za mafuta ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, zotha kusunga malita 60 miliyoni. Chimenecho ndi chigubu cha boma, ndipo timachitcha nzeru. Nanga chigubu cha mlimi chikhala bwanji mlandu?

Ena adzati petulo ndi woopsa

Akunena zoona, ndipo sitiyenera kuwatseka pakamwa. Pa 17 November 2016, ku Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique, thankala ya mafuta yochokera ku Beira kubwera kuno ku Malawi idaphulika anthu a m'mudzi akutunga petulo m'zigubu ndi m'ndowa. Anthu oposa 70 adafa, ena mwa iwo ana. Amene amaopa chigubu akakumbukira tsiku limenelo sakulakwa.

Koma tiyeni tifunse chimene chimachitika chigubu chikaletsedwa. Kodi ulendo umafupika? Kodi chitunda chimasanduka chigwa? Ayi. Woyendetsa njinga amapezabe njira, ndipo njira zake ndi zoopsa kuposa chigubu chomwe chaletsedwacho.

Mu 2022, ndidakali mlangizi wa zaulimi, ndidakwera nawo njinga ya kalabu ina yomwe inkapita ndi mtedza kumsika. Mnyamata woyendetsa adali atakanizidwa chigubu pamalo ena omwetsera mafuta. Zimene adachita n'zimene ambiri amachita: adadzaza thanki, n'kukabisala kuseri, n'kuyamwa petulo ndi paipi pakamwa kumuthira m'mabotolo a madzi akumwa, kenako n'kubwereranso pamzere. Mabotolo asanu aja adawatsindira pakati pa matumba kuti asaoneke pa rodibuloko. Dzuwa litafika paliwombo, mayi wina amene adakhala pamwamba pa katundu ndi mwana kumbuyo adakuwa kuti, "Achimwene, taimani! Mafuta akununkha kuno." Titatsika tidapeza botolo limodzi litatupa, chivindikiro chitathawa, petulo akudontha kudzera pansi pa ngolo, chapafupi kwambiri ndi paipi yotulutsa utsi yomwe idali yotentha. Moto sudabuke, ndipo mpaka lero ndimati adali Mulungu yekha. Koma matumba anayi a mtedza adanunkha petulo ndipo wogula adawakana. Thukuta la chaka chonse la banja lina lidathera pamenepo.

Amene sayamwa paipi amagula kwa venda m'mbali mwa msewu. Kumeneko amalipira kuposa mtengo wa boma, ndipo sadziwa chimene chili m'botolomo. Petulo wosakaniza ndi palafini kapena madzi amaononga injini ya njinga yomwe ngongole yake sinathe. Choncho lamulo lofuna kupha msika wa venda limatikankhira m'manja mwa venda yemweyo.

Tiyambe takonza kwathu

Alimi anzanga, sitingaloze chala boma pomwe zala zitatu zikuloza ife. Ngati tikufuna kutimvera, tionetse kuti petulo timamudziwa ndipo timamulemekeza.

Choyamba, chimene chimayaka si madzi a petulo amene mumawaona, koma mpweya wake. Mpweya umenewu umatuluka ngakhale kunja kukuzizira ngati ku Dedza mu June. Ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, choncho sukwera kumwamba koma umakwawa pansi, ndipo ungathe kukapeza ndudu, mbaula kapena nyali yomwe ili patali ndi chigubu, moto n'kubwerera nawo mpaka pachigubupo.

Chachiwiri, petulo amafufuma akatenthedwa. Malita 20 amene mwathira m'mawa kukuzizira angathe kuwonjezekera ndi pafupifupi theka la lita akakhala padzuwa la masana la mu October, ndipo mpweya wake umakankha chivindikiro mwamphamvu. Ichi n'chifukwa chake chigubu sichidzazidwa mpaka pakhosi. Siyani mpata wa zala zitatu kapena zinayi.

Chachitatu, si chigubu chilichonse chimene chili cha petulo. Botolo la madzi akumwa ndi chigubu chachikasu cha mafuta ophikira sizidapangidwire ntchito imeneyi. Pulasitiki yake ndi yopyapyala, zivindikiro zake zilibe labala yotseka bwino, ndipo pepala la pulasitiki lomwe timapana pachivindikiro silitchinga mpweya. Chofunika ndi chigubu chachitsulo, kapena cha pulasitiki yolimba yopangidwira mafuta, chokhala ndi labala pachivindikiro. Chikhalenso chouma m'kati. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka madzi. Madzi otsalira m'chigubu amakakhazikika pansi pa thanki, injini n'kuyamba kutsokomola pakati pa thengo.

Pothira mafuta m'chigubu, chitsitseni pansi padothi. Musathire chili pangolo, makamaka pamwamba pa matumba kapena tenti, chifukwa magetsi aja amene amathetheka mukamavula juzi ya nayiloni usiku amapangikanso petulo akamayenda m'pulasitiki, ndipo kuthetheka kumodzi n'kokwanira. Ponyamula, chiimikeni chilili, muchimange zolimba pakona ya ngolo, kumbali yomwe kulibe paipi ya utsi ndi batire, pamthunzi koma podutsa mphepo. Kumbukirani kuti malita 20 amalemera makilogalamu pafupifupi 15, ndipo njinga ya matayala atatu siichedwa kugudubuzika pakona katundu akalemera mbali imodzi kapena akaunjikidwa m'mwamba. Chisagundane ndi chakudya, mbewu kapena feteleza. Munthu asachisandutse mpando. Pothira m'thanki panjira, zimitsani injini, tsitsani anthu onse, dikirani kuti izizire, ndipo gwiritsani ntchito fanulo osati pakamwa. Petulo akalowa m'mapapo amapha. Moto ukabuka musathire madzi, chifukwa petulo amayandama pamadzi n'kufalikira. Thirani mchenga kapena dothi, ndipo kalabu iliyonse igule chozimitsira moto chaching'ono cha ufa.

Pomaliza, musanyamule mafuta mongoganizira. Yezani njinga yanu itasenza katundu. Dzazani thanki, lembani makilomita, yendani ulendo, dzazaninso, muone malita amene alowa. Tiyerekeze kuti mwapeza makilomita 20 pa lita imodzi, ndipo mukufuna kuchoka ku Mchinji kupita ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110, n'kubwerera. Amenewo ndi malita 11. Onjezerani gawo limodzi mwa magawo anayi chifukwa cha zitunda, mphepo ndi kuzungulira mumsika, afika pafupifupi 14. Chotsani amene thanki yanu imalowa, otsalawo ndiye anu a m'chigubu. Ambiri mudzapeza kuti malita asanu kapena khumi akukwana. Wonyamula zigubu zitatu paulendo wotere sakupita kumsika wa mbewu, ndipo tisamuikire kumbuyo.

Zimene tikupempha

Ife sitikupempha kuti lamulo lithe. Tikupempha kuti lamulo likhale ndi maso.

Poyamba, a MERA apereke chilolezo cholembedwa kudzera ku makopaletivi ndi mabungwe a alimi olembetsedwa m'kaundula wa boma, choti njinga iliyonse ya kalabu izigula malita osapitirira khumi m'chigubu chovomerezeka, ngakhale pa nthawi ya kusowa kwa mafuta. Chilolezocho chikhale ndi nambala ya njinga, ndipo chizipezeka pa boma lililonse, osati m'mizinda mokha. Ife tizisunga buku la maulendo ndi malita, ndipo membala wogwidwa akugulitsa mafutawo alandidwe chilolezo ndi komiti yake yomwe.

Kachiwiri, a Malawi Bureau of Standards aike chizindikiro chomveka pa zigubu zoyenera petulo, kuti mlimi, wothira mafuta ndi wapolisi onse azidziwa chovomerezeka pongochiona. A zachuma achotse msonkho pa zigubuzi ndi pa zozimitsira moto, ndipo zizipezeka m'masitolo a zipangizo zaulimi momwe timagula mbewu.

Kachitatu, apolisi a pamsewu adziwitsidwe za chilolezochi polemba, kuti pasakhale kukokana pa rodibuloko kapena mpata wa ziphuphu. Munthu amene saopa kuonetsa chigubu chake sachibisa pakati pa matumba.

Kachinayi, boma lifewetse njira yotsegulira malo aang'ono omwetsera mafuta m'misika ya kumidzi, ndipo makopaletivi amene angakwanitse aloledwe kuyendetsa malo otere. Mankhwala enieni a chigubu ndi pampu yapafupi. Aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo amabwera kudzatipempha mavoti pa misewu yomweyi, ndipo iwonso amadziwa pamene pampu yomaliza ili. Tiwafunse pamaso.

Kwa atsogoleri a bungwe lathu, ndikuti musadikire maliro kuti muyitanitse msonkhano. Pakadafunda padajiwitsa galu. Nyengo yokolola isanafike, woyendetsa njinga aliyense wa kalabu aphunzitsidwe zimene ndalemba pamwambazi, ndipo kalata yathu ifike pa desiki ya akuluakulu itasainidwa ndi matcheyamani a zigawo zonse.

Kwa inu mamembala, nkhaniyi muyitengere ku msonkhano wa kalabu yanu mwezi uno. Werengerani anzanu osatha kuwerenga. Funsani woyendetsa njinga yanu kuti mafuta apadera amawaika pati ndiponso m'chiyani, ndipo mukaone ndi maso anu. Mukapeza mabotolo, sonkhani ndalama mugule chigubu choyenera musanakwezenso thumba lina. Lembani masiku amene katundu wanu adagona panjira chifukwa cha mafuta, ndi ndalama zimene mudataya, mutumize ku ofesi ya bungwe ya m'boma lanu. Akuluakulu amatsutsa mawu a pakamwa, koma buku la mlimi savuta kulikhulupirira likadzaza.

Mayi uja adanunkhiza petulo nthawi ikadalipo. Si ulendo uliwonse umene udzakhale ndi mphuno ngati yake.