Asakufomatireni kompyuta chifukwa cha mawu awiri

Pali mawu awiri a Chingerezi amene adyetsa anyamata ambiri okonza makompyuta m'matauni mwathu muno: Activate Windows. Amakhala pakona yakumanja, m'munsi mwa sikirini, otuwa ngati phulusa, ndipo sachoka ngakhale mutsegule chiyani. Munthu akangowaona mtima uli phaa! Mawa lake laputopu ili m'chikwama, ulendo wa kwa "katswiri", ndipo katswiriyo asanaiyatse n'komwe wagamula kale: "Bwana, iyi ndi yofomata basi."

Ine ndikukana, ndipo ndikana mokweza, chifukwa ife olembalemba ndi amene timalira kwambiri pamaliro amenewa. Ndikudziwa ndakatulo, nthano, ngakhale buku lathunthu zimene zinapita ndi fomati. Eni ake anauzidwa kuti "zonse tasunga", kufika kunyumba n'kupeza kuti chasungidwa ndi nyimbo ndi zithunzi za paukwati.

Mawu awiriwa sadya kanthu kanu. Pa Windows 10 ndi 11, kompyuta yosatsimikizidwa laisensi imagwirabe ntchito: mumalemba, mumasindikiza, mumalowa pa intaneti. Chimene amakumanani n'kusintha chithunzi chakumbuyo ndi mitundu, komanso amakuchititsani manyazi ndi kachilembo kaja. Windows 7 ndiye inali yamwano kwambiri, inkadetsa sikirini yonse bii n'kulemba poyera kuti Windows yanu si yeniyeni. Koma nayonso sinkafufuta fayilo ya munthu. Ndiye changu chofomatacho n'chachiyani?

Musaganizenso kuti uthengawo sunama. Microsoft inayamba zotsimikizira laisensi ya Windows ndi Windows XP mu 2001, ndipo makina ake alakwirapo anthu osalakwa. Mu Ogasiti 2007 maseva ake a Windows Genuine Advantage anasokonekera, anthu amene anagula Windows yawo mwachilungamo n'kutchedwa akuba. Mu Novembala 2018 zinachitikanso, eni Windows 10 Pro anadzuka n'kuuzidwa kuti laisensi yawo ndi ya Home. Vuto linali kukampaniko, ndipo linakonzedwa komweko. Tangoganizani munthu amene anathamangira kukafomata sabata imeneyo.

Koma mkwiyo wanga waukulu uli pafupi pompano. Malaputopu ambiri amene timagula kuno ndi akaunjika, anagwirapo kale ntchito kunja. Kuyambira nthawi ya Windows 8, makampani akuluakulu opanga makompyuta anasiya kumata kapepala ka kiyi kunsi kwa laputopu, m'malo mwake kiyi ya zilembo ndi manambala 25 ija amaiika m'kati mwa motherboard. Kutanthauza kuti makina ambiri amafika ali ndi laisensi yawoyawo yeniyeni, yolipiridwa kale. Ndiye mnyamata wathu uja amatani? Ali ndi fulashi imodzi yokha, ya Windows Pro, ndipo amathira yomweyo pa kompyuta iliyonse imene yamufikira. Ngati kiyi yam'kati ndi ya Home, ziwirizi sizigwirizana, mawu awiri aja n'kutulukira. Apo amatenga kapulogalamu kakuba, kaya KMSPico kaya kanzake, amazimitsa antivirus kuti kalowe, uthenga n'kuzimiririka. Inu mumalipira, kuthokoza, n'kumapita. Mwalipira kuti akukwirireni laisensi yanu yeniyeni n'kukuvekani yabodza, eti!

Ndipo yabodzayo ili ndi nthawi yake. KMS ndi njira imene Microsoft inakonzera mabungwe akuluakulu: kompyuta imatsimikizidwa kwa masiku 180, ndipo imayenera kumalankhulana ndi seva ya bungwelo kuti masikuwo aziwonjezeka. Mapulogalamu akubawa amangonamizira kukhala seva imeneyo. Tsiku limene antivirus idzakagwire n'kukachotsa, masiku amayamba kutha, kenako kumabwera uthenga wakuti laisensi yanu yatsala pang'ono kutha. Mumabwerera kwa yemwe uja, ndalama inanso. Uwu si ukatswiri, ndi munda umene munthu wadzilimira pamsana panu. Za zinthu zina zimene zimalowa limodzi ndi timapulogalamu totere, pa kompyuta yomwe mumalembapo mapasiwedi a imelo ndi a kubanki, ndisachite kunena.

Ena anditsutsa kuti, "Aise, laisensi ndi yodula, anyamatawa akuthandiza amphawi." Zoti ndi yodula sindikutsutsa, mtengo wake sunapangidwire thumba la mphunzitsi wa ku Ntchisi. Koma kuthandiza mmphawi kumayamba n'kumuuza zoona. Muuzeni kuti mwina laisensi ali nayo kale. Muuzeni kuti angathe kukhala ndi kachilembo kaja osafa. Muuzeni kuti kuli Linux Mint ndi Ubuntu, zaulere, ndipo LibreOffice imalemba ndakatulo bwinobwino ngati Word. Akasankha yekha, zake zimenezo. Kumubisira n'kumene ndikudana nako.

Musananyamule chikwama, yambani mwafunsa kompyutayo. Onani tsiku ndi nthawi, chifukwa pamakina akale kabatire kam'kati kakatha kalendala imabwerera m'mbuyo, ndipo kutsimikiza laisensi kumatha kukanika pa chifukwa chokhacho. Lumikizani intaneti, lowani mu Settings mupeze Activation, muwerenge chimene akunena. Ngati pali Troubleshoot, dinani. Kenako dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani slmgr.vbs /dli. Mukaona mawu akuti OEM kapena RETAIL, laisensiyo ndi ya mtundu wa munthu wamba, ndipo vutolo lingakhale laling'ono. Mukaona VOLUME_KMSCLIENT pa kompyuta yapanyumba, dziwani kuti mwina inachoka kuofesi ina isanasinthidwe, apo ayi wina anakuthirirani zakuba. Lembaninso slmgr.vbs /xpr, ikuuzani ngati laisensiyo ndi yamuyaya kapena tsiku limene ithere. Amene munasinthitsa motherboard, laisensi imamangiriridwa ku chida chimenecho, choncho Windows ikuona ngati ndi kompyuta yachilendo. Ngati munailumikiza ku akaunti ya Microsoft, Troubleshoot yomweyo ili ndi poti munene kuti mwasintha zida.

Zikakanika zonsezi, pitani kwa katswiri, alipo ndithu achilungamo. Koma koperani kaye zolemba zanu pa fulashi ndi manja anu, ndipo mukafika mumufunse kuti kiyi yam'kati mwa makinawo ndi ya Home kapena ya Pro. Akayamba kukanda m'mutu, tsekani laputopu yanu, mutsanzike mwaulemu.