Redox ili padenga pathu

Mukatsika minibasi ku Nancholi, m'mbali mwa msewu wa ku Chikwawa, imani kaye muyang'ane madenga. Ena akuwala, ena ali ndi mawangamawanga, ena afiiriratu ngati dothi la katondo. Ife amene tinachezera usiku kuloweza redox pokonzekera mayeso a MSCE, ndipo ena tikulimbana nayobe kuno ku koleji, timadutsa pamenepa osazindikira kuti phunziro lija ndi lomweli. Maganizo athu ndi akuti talakwira makolo athu posiya nzeru imeneyi m'makope.

Dzimbiri si matsenga. Chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya, chimataya ma elekitironi. Oxidation number yake imachoka pa 0 kupita pa +2, kenako +3, pamene okosijeni wolandira ma elekitironiwo amatsika kufika pa -2. Chotsatira chake ndi fumbi lofiira lija. Vuto lake n'lakuti dzimbiri limafundukafunduka, siliphimba chitsulo cha pansi, ndiye madzi amalowabe mpaka lata litabooka.

N'chifukwa chake malata amawakuta ndi zinki. Pa tebulo lija tinkadana nalo, electrode potential ya zinki ndi -0.76 V, ya chitsulo ndi -0.44 V. Manambala awiriwa akungonena kuti zinki amataya ma elekitironi msanga kuposa chitsulo. Lata likakandika, zinki wozungulira balalo ndi amene amayamba kudyeka, chitsulo n'kupulumuka. Nzeruyi si ya lero. Mu 1824 Humphry Davy anaphatika zidutswa za zinki ndi chitsulo pa mkuwa wokuta zombo za nkhondo za ku Britain kuti mkuwawo usadyeke m'madzi amchere. Koma zinki akatha, denga limayamba kufiira, ndipo silibwereranso.

Tsono taonani zimene timachita. Pogula malata timafunsa mtengo ndi mtundu. Ozindikira pang'ono amafunsa geji, ndipo amadziwa kuti 28 ndi yochindikala kuposa 32. Koma geji imanena za kuchindikala kwa lata, osati kuchuluka kwa zinki amene walikuta. Funso limeneli timalifunsa ndi angati? Tikamaliza, timapatsa kalipentala misomali wamba chifukwa yokutidwa ndi zinki yakwera mtengo. Msomali wotere umamaliza msanga zinki wa pabowo, kenako umachita dzimbiri, ndipo mudzaona timizere tofiira tikutsika kuchokera pa msomali uliwonse. Mphepo ikavuta timasanjika miyala, njerwa ndi matayala padenga. Pansi pa njerwa iliyonse chinyontho chimakhala masiku ambiri mvula itasiya, ndipo pamenepo ndi pamene pamayamba kubooka.

Chinanso chabwera ndi masola ndi ma eriyo. Mkuwa uli pa +0.34 V, kutali kwambiri ndi zinki. Waya wamkuwa wosenda ukagona pa lata lonyowa, mwapanga batire laling'ono padenga, ndipo amene akudyeka ndi zinki wanu.

Tikudziwa yankho la ambiri: ndalama. Mayi wogulitsa mandasi sangasankhe malata okwera mtengo, amagula amene thumba lake lalola, nthawi zina ogwiritsidwa kale ntchito, a mabowo akale. Izi n'zoona, ndipo sitikufuna kuoneka ngati ana asukulu odzikuza amene sanagulepo ndi lata limodzi lomwe. Koma kuchotsa njerwa padenga n'kumangirira bwino mitengo ya denga sikufuna ndalama zambiri. Kusesa masamba a mango owunjikana padenga mvula isanayambe n'kwaulere. Kukulunga waya wosenda ndi tepi kuli ndi mtengo wanji? Ngakhale kusiyana kwa misomali n'kochepa mukakuyerekeza ndi kufoleranso nyumba yonse. Denga limene langoyamba mawanga lingathe kupalidwa n'kupakidwa penti ya red oxide, n'kukhalanso zaka.

Pomwe patikhudza kwambiri ndi pa ntchito za mpingo. Tchalitchi kapena nyumba ya abusa ikamafoleredwa, ndalama zimachokera m'manja mwa anthu amene madenga awo akudontha. Komiti yomanga imakhala ndi akulu ampingo, amisiri ndi msungichuma, anthu okhulupirika, koma kawirikawiri mulibe wofunsa za zinki. Wophunzira wa sayansi amakhala kumbuyo, kudikira kutumidwa kukatunga madzi osakanizira simenti. Mbali ina mlandu ndi wathu, chifukwa timaopa kuyankhula pamaso pa akuluakulu. Koma kufunsa mwaulemu kuti, “Akulu, kodi malatawa ali ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, nanga misomaliyi ndi yokutidwa?” si mwano. Ndipo akulu ampingo, mwana amene munamusonkhera fizi muitaneni pamene mukuwerenga makoteshoni.

Tchuthi chikubwerachi, mvula isanagwe, tibwereke makwerero tikaone madenga a kwathu, kuyambira la agogo. Tikapeza njerwa, titsitse.